Thovu la Sikima pa Maliro a Wenceslaus

Lachiwiri, 15 Okutobala 2024

Buku ili ndi la Wenceslaus, la thanki yake ya nsomba. Manambala ake athera pa 12, Loweruka: mchere wakuti, kutentha kwakuti. Pansi pake pepala loyera. Ndiye ndikulembamo ine amake, ndi zilembo zanga zokhota za Sitandade 3. Wowerenga palibe, wondiseka palibe.

Anagwa Lamulungu titachoka ku Misa. Pa geti penipeni, makiyi a galimoto ali m'manja. Woyamba kufika ndine. Thovu kukamwa. Ndinapukuta ndi chitenje changa cha gulu la Anna Woyera. Kuchipatala anangonena zimene ndinali nditaziona kale m'maso mwake. Akuti mtima. Zaka 47.

Mipando yonse yatuluka, ili mu tenti kwa azibambo. Azimayi tili pansi m'nyumba. Chokana kutuluka ndi thanki. Amuna asanu anayesa kuigwedeza, ndinati mukaiswa mudzamwa madziwo ndi mchere wake womwe. Anaisiya. Ndiye ilipo pakati pa maliro, ikuwala buluu ngati shabini.

Zaka makumi atatu ndagulitsa nsomba za ku doko la Chanyanya. Mchere ndimaudziwa, ndi wothira pa nsomba yakufa kuti isaole. Mwana wanga anandibweretsera m'nyumba nsomba zimene ukazimana mchere ndiye zimafa. Za kunyanja yaikulu, zobwera pa ndeke m'mapulasitiki, zosadyedwa. Zisanu. Yachikasu yonga tsamba. Tiwiri tofiirira ta mizere yoyera. Kabuluu. Ndi kena kamanyazi kokhala m'miyala. Pa miyalapo pamera maluwa amene iye ankakana kuti si maluwa, akuti ndi nyama, makorali.

Pansi pa thanki pali kabati. Mu kabati kathanki kena, mapampu, mawaya. Ndi sikima: chibotolo chachitali chopukusa madzi ndi mpweya mpaka thovu, thovulo n'kukwera ndi nyansi zonse kukagwera m'kapu pamwamba. "Amai, ichi ndiye chimbudzi cha nsomba zanga," ankatero, akununkhiza kapuyo ngati ndiwo.

Lero kapu inadzaza. Matope akuda, fungo la ngalande ya kumsika. Mai wina wa kwaya anaphimba mphuno ndi duku, akuyang'ana mnzake. Manyazi anandigwira.

Doreen, mkazi wake, ali pakona ndi azakhali ake. Wofedwa sadzuka. Komanso akanadzuka sakanagwira, thankiyi ankaitcha mkazi wamkulu. Ndiye ndagwira ine. Kapu ndachotsa monga ndinkamuonera mwini wake. Pali ndi kathumba kosefa madzi kamene ankakatcha sokosi, kada bii. Sokosi ndi sokosi. Ndaiviika mu sopo wa ufa pamodzi ndi kapu, ndachikicha, ndayanika pa waya. Dzuwa la mwezi uno silichedwa. Yoyera ngati nsalu ya pa guwa. Ndabwezeramo zonse. Alendo asamati mwana wanga ankakhala ndi uve.

Malaiti kulibe chiyambire dzulo. Batire ikuyendetsa pampu ndi nyali yokha, sikima ili zii.

Doreen salira mokweza. Misozi yokha, chete, ngati akulira mu ofesi. Lindiwe, mwana wawo wa zaka eyiti, sakuchoka pa miyendo yake.

Lachitatu, 16 Okutobala

Malaiti abwera cha m'ma teni. Sikima inayamba kung'ung'uza azimayi a Anna Woyera ali pakati pa nyimbo. Ndinangoona mai wa kutsogolo akukweza mapazi. Thovu. Likutuluka pansi pa chitseko cha kabati, loyera mbee, likukwawira ku mphasa. Nyimbo inazima mmodzimmodzi.

Nditatsegula, chivindikiro cha kapu chikuvina chokha ngati cha mphika wa nyemba.

Analowa a Ackson, mng'ono wa malemu amuna anga. Chifikireni kuchokera ku Kabwe akuyenda m'nyumba muno akuyeza makoma ndi maso. "Ni chani ichi, mulamu?"

Ndikanangoti sindikudziwa. Koma pakamwa panga sipanadikirepo mutu chibadwire. Ndinati, "Funsani amene amaphika m'nyumba muno. Thovu lomweli ndinalipukuta kukamwa kwa mwana wanga Lamulungu."

Doreen anakweza maso kamodzi n'kuwabwezera pansi.

Ndinaneneranji? Kutopa. Komanso salira. Komanso zaka khumi ndi ziwiri za ulemu wake wouma ngati wa m'banki, mwauka bwanji amai, basi, osawonjeza osachotsa. Mai ali ndi ufulu wolusa pa maliro a mwana wake. Ndi mmene ndadziuzira.

A Ackson anatuluka nawo mawu anga ngati galu wapeza fupa. Pofika masana tenti yonse ikudziwa kuti wakufa walankhula kudzera m'makina ake.

Ndazula pulagi, ndakolopa. Pambali pa sikima pali kagudumu kofiira kamene Wenceslaus ankapotoza pang'onopang'ono ngati akusaka siteshoni pa wailesi. Ndapotozera kumanja, ndalumikiza. Thovu. Kumanzere mpaka kumapeto. Thovu lomwelo. Ndazulanso.

Yachikasu ili pamwamba pakona, ikupuma mwabefu. Nsomba yotero ndimaidziwa. Ku Chanyanya sitinkaiwerengera mawa.

Kutentha. Anthu makumi asanu m'chipinda chimodzi. Sindinadye.

Lachinayi, 17 Okutobala

Yachikasu yafa. Ndaipeza m'mawa itamatirira pa pampu. Sindinaitaye mu bini, ndaikwirira pansi pa mpapaya. Manja omwewa atumbula milamba yosawerengeka, lero akumbira manda kansomba kosakwana nshima imodzi.

A Ackson akutsuka mano pakhonde: "Yoyamba iyo."

Mkati mwa chikuto cha buku muli nambala. Humphrey, Lusaka, za thanki. Mnzake wa misala yomweyi. Ndamuimbira. Analira kaye pa foni, mwamuna wamkulu. Kenako mafunso ngati ku kiliniki.

Madzi mu kabati afika pati? Ndinati pali mzere wa tepi, adutsa ndi zala ziwiri. Tapani. Ndatapa majagi anayi, ndalumikiza. Thovu.

Ikani sikima pa chinthu ikwereko. Ndazondotsa mbale yadothi, ndaikhazika pamenepo. Thovu.

Kapaipi ka mpweya, akuti kamakoka mphepo ya m'nyumba. "Kuli anafaza mankhwala ya udzudzu? Mbaula mukati? Perefyumu?" Ndinati bambo, kuno ndi maliro, aliyense wabwera ndi fungo lake, ena awiriawiri. Ndalumikiza kapaipi kena, ndatulutsira pa windo kuti kazipuma panja. Thovu.

"Mwaikamo chilichonse mu manzi, mami?" Ayi. Ndipo sindinaname. Sindinathire kanthu.

Wati nditsegule kapaipi ka pansi pa kapu, kalowe m'ndowa, ndiisiye isanze. Madzi akachepa ndiwonjezere a mu dramu ya buluu kukhonde, osakaniza kale mchere. Abwera mawa ku manda.

Ndowa yadzaza kawiri. Msana. Sokosi inadanso ndi zosanzazo, ndaichapanso bwinobwino monga poyamba.

Kuseri kwa nyumba tsopano kuli moto uwiri, mbaula za kwathu ndi mbaula za kwawo kwa Doreen. Azakhali ake anabweretsa mbale za nshima mu tenti, zinabwerera zosakhudza. Mkazi wa a Ackson wauza ana ake asalandire ngakhale madzi akumwa.

Masana a Ackson anapempha makiyi a kuchipinda ndi a galimoto. Akuti kusunga. Doreen anamasula pa chitenje n'kupereka ndi manja awiri. Ine ndili pomwepo ndi ndowa yanga. Sindinakondwe. Sindinakanenso.

Lachisanu, 18 Okutobala

Tamuika.

Dothi louma gwa, mafosholo akulira ngati akumenya chitsulo. Zingwe. Bokosi kugunda pansi. Mwana amene ndinamubalira m'kanyumba ka njanji mvula ikugwa. Zimenezo sindilemba.

Doreen akuika nkhata, wina kumbuyo anatsonya. Wina anati, "Wakhuta manje." Lindiwe anatembenuka kufuna amene wanena.

Titabwerera, Humphrey analowa. Wamtali, suti yakuda. Anagwada pa simenti yonyowa osasamala thalauzi. Kagudumu wayang'ana, kapaipi wapemerera, pampu wamasula n'kubwezera. Zonse zili bwino. Kenako anasolola sokosi n'kuifinya. Thovu pakati pa zala zake. Ananunkhiza.

"Iyi sokosi yawashiwa na sopo. Sopo ni poizoni ku nsomba, imaocha mopumira. Iyi timasukuluza chabe na manzi. Nindani anawasha?"

Ndinali kumbuyo kwake, chokolopera m'manja. Sopo. Kawiri.

Ndikufuna kulemba kuti a Ackson ananditsogolera ndisanatsegule pakamwa. Bodza. Nthawi inalipo yokwana kunena Atate Athu yense mpaka amen.

Kenako a Ackson ali pakhomo: "Mwamvera? Wamasukulu wakamba yekha. Poizoni. Anayamba na mwamuna, manje asiliza na nsomba." Humphrey anayesa, awe sinakambe choncho, koma mawu anali atafika kale mu tenti.

Humphrey anandiyang'ana ine, akudikira. Ine Elina, amene msika wonse umadziwa kuti sindigoneka mawu m'kamwa, ndinati, "M'nyumba mwadzaza anthu. Angadziwe ndani."

Wasiya sokosi yatsopano, ndi kathumba ka makala akudya sopo m'madzi, osati a pa mbaula. Walemba kumapeto kwa buku: kuchotsa ndowa ziwiri m'mawa, ziwiri masana, kubwezera zatsopano. Sikima ipitirize kusanzira m'ndowa mpaka ileke yokha. Sokosi yakale anaiponya mu bini. Atapita ndakaitola, ili pansi pa matilesi anga. Sindikudziwa ndikubisira ndani.

Nkhani ya banja aika Loweruka la sabata yamawa, pa 26, mchimwene wa Doreen akafika kuchokera ku Monze. A Ackson anena kale mutu wake: mkazi achoke ndi chikwama chimene anabwera nacho.

Loweruka, 19 Okutobala

Kabuluu kafa. Kamanyazi sikakuoneka, mwina kafera m'miyala. Makorali afota, awiri ayera ngati mafupa.

Ndowa zinayi kutuluka, zinayi kulowa. Thovu likadali loyera.

Sindinanene.

Lamulungu, 20 Okutobala

Misa. Anthu akupita kukalandira Ukaristia, ine ndakhala pa benchi. Mai wa pafupi anaganiza ndi chisoni, anandisisita pamsana.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Tenti yachotsedwa. Patsala udzu wakufa ndi zitsekerero za mabotolo. Ambiri apita. A Ackson ndi mkazi wawo akugona kuchipinda kwa Wenceslaus, pa bedi lake. Doreen, Lindiwe ndi azakhali pa mphasa pabalaza, pafupi ndi thanki.

Dramu ya buluu yatha. Lero ndimayenera kusakaniza ndekha, mchere wa m'chidebe chake choyera ndi madzi osefa. Pali kagalasi koyezera, umadonthezapo madzi n'kusuzumira ngati mfuti. Maso anga sakuona mzere. Ndowa yachiwiri inandipulumuka pakhomo, madzi mpaka kukhitchini.

Doreen anadzuka. Wofedwa wa masiku anayi chiikire maliro, sayenera kugwira ntchito. Anatenga chokolopera, kenako ndowa, kenako kagalasi. "Onjezani hafu kapu, amai." Ndinaonjeza. "Yakwana." Tinagwira ola lathunthu, mawu ndi omwewo. Amadziwa zonse, pomwe pali chiyani, pomwe pali chiyani. Kansi zaka zonsezi ankaonerera mkazi wamkulu akudyetsedwa.

Tikutsuka manja kuseri, osandiyang'ana: "Sokosi ninaiona pa waya Lachiwiri lija. Pakati pa vitenge vanu."

Madzi akungotsika pa mpopi. Ndinafunsa, nanga osanena bwanji.

"Nikakamba ine bazakamba ati nanamizira nkhalamba yofedwa. Ninali kuyembekeza mukambe mwekha."

Kenako anatseka mpopi. "Nyumba atenge ngati afuna. Koma Lindiwe sazakula na dzina yakuti amake anapha atate ake."

Sanapemphe kanthu. Akanandilalatira ndikanapeza pogwira, mkangano ndiye kwathu. Wangobwerera pa mphasa yake.

Masiku onsewa ndinkati salira. Mphasa yake ndaiona poyanika m'mawa uno, yonyowa mbali ya kumutu.

Tiwiri tofiirira tikadalipo. Tabisala pakona imodzi, tikugundana.

Lachinayi, 24 Okutobala

Indipendensi ya dziko lino. Bandi ikumveka kuchokera kubwalo, ana a sukulu ndi timbendera. Kuno zitseko zotseka.

Sikima yaleka kusanza. M'ndowa muli madzi osakwana kapu ya tiyi chichokere dzulo. Humphrey pa foni wati nditseke kapaipi ka m'ndowa, ndichotse mbale yadothi, ndipotoze kagudumu pang'ono, ndidikire ola, ndipotozenso. "Osathamanga, mami. Thovu iime pa khosi, isapite pamwamba." Katatu ndapotoza. Tsopano likukwera mpaka pakhosi pa botolo n'kuima, likuphulika pang'onopang'ono, mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Fungo la ngalande labwerera. Ndinaika mphuno m'kapu ngati mwini wake.

Tiwiri tija tadya.

Ndinati ndiyambe ndi a Ackson paokha, mwina nkhani ifere kuseri. Ndinawapeza pansi pa mango akupukuta galimoto ya mwana wanga. Ndawauza zonse. Sopo, sokosi, kawiri, ndi kuti mawu a Lachitatu ndinawatola m'mphepo.

Sanadabwe. Anapinda nsanza yawo bwinobwino.

"Mulamu, ganizani mushe. Thovu ya nsomba yachoka mu manja yanu. Anafika poyamba pa geti ndimwe. Anapukuta pakamwa ndimwe. Nkhalamba, maso yofiira. Ine sinizakamba chilichonse, anthu azaphatikiza okha."

Ndinati maso anga afiira ndi utsi wowamba nsomba zimene zinalipirira inu sukulu, a Ackson, pamene achimwene anu ankamwera malipiro. Anaseka. "Khalani chabe zii. Chipinda chanu palibe azagwira."

Ndabwerera m'nyumba. Sananame. Ndinaona ndi maso anga ku Chanyanya, kale, mai wina wachikulire mdzukulu wake atamira. Palibe anamumenya. Anangoleka kugula kwa iye, kuleka kumupatsa moni, ana kuthawa akamuona. Anatha miyezi inayi n'kumwalira. Inenso sindinagule kwa iye.

Lachisanu, 25 Okutobala

Mchimwene wa Doreen wafika ndi kalole kopanda kanthu. Wakaimika panja pa geti, kumbuyo kuloza kunyumba. Wandipatsa moni wa munthu wolera bwino, maso ali kwina.

Doreen wapinda mayunifomu a Lindiwe n'kuika m'chikwama. Sanabise, sanaonetse.

Ndili ndi zaka 71. Kumudzi kwa atate anga ku Malawi ndinapitako kamodzi, ndili mtsikana. Kwathu ndi kuno: benchi yanga ku tchalitchi, azimayi a Anna Woyera, msika. Dzina la ufiti likakumata silichoka ndi sopo aliyense.

Kamanyazi katuluka m'miyala. Kowonda, diso limodzi loyera, koma kamoyo. Zatsala zitatu.

Pemphero la Korona ndayamba katatu, sindinamalize.

Loweruka, 26 Okutobala

Zatha cha m'ma 15, ndiye kuti 3 koloko masana.

Tinakhala pabalaza. Akwathu uku, akwawo uku, thanki pakati. Woyendetsa nkhani a Lastone, apampando a mphakati wathu, munthu wofatsa wa ku fakitale ya feteleza. A Ackson analankhula nthawi yaitali. Pepala la dokotala akuti ndi pepala chabe. Thovu kukamwa, thovu m'makina, nsomba kufa. Pomaliza: "Si ine ninayamba. Amake omwe anakamba."

Maso onse kwa ine. Ndinadzuka, ndinapita kuchipinda. Ena anaganiza ndikukalira. Ndinabwera ndi beseni ndi sokosi ya pansi pa matilesi. Ndatunga jagi imodzi mu thanki, ndathira, ndaviika, ndafinya. Sabata yathunthu itauma, thovu linabwerabe, loyera, mpaka m'zigongono.

Ndinati wakufa sanalankhule, walankhula ndi sopo wa K15 paketi. Ndinachapa ine, Lachiwiri ndi Lachinayi, chifukwa mai wina anaphimba mphuno ndipo ndinachita manyazi. Nsomba ziwiri ndapha ine. Humphrey atafunsa ndinanama. Mawu a Lachitatu ndinalibe nawo umboni ngakhale wa kambewu ka mpiru, ndinali ndi ukali ndi pakamwa basi. Mwana wanga anafa ndi mtima monga atate ake. Mkazi uyu sanamuphe.

Ndinagwada kwa Doreen. Mawondo analira nyumba yonse kumva. Azakhali ake anayamba kulira mokweza, iye ayi.

A Lastone anati makiyi abwerere kwa mwini nyumba, pomwepo, anthu akuona. A Ackson anawaponya pa mphasa. Ataimirira anachita zimene anati sachita. "Mwaona mwekha thovu ichoka mu manja ya ndani. Muzifunse anali pa geti nindani." A Lastone anawadzudzula, koma mawu ndikuwadziwa ine mayendedwe ake. Mkazi wa a Ackson anali pafupi nane, anakoka chitenje chake chisandikhudze. Azimayi awiri a mu mzere mwathu potuluka sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana manja.

Kalole kabwerera ku Monze kopanda kanthu. A Ackson akwera basi ya ku Kabwe. Mai wa nyumba yoyandikana, amene tsiku lililonse amabwera kudzapempha moto, watuma mwana kukagula machesi.

Mawa Misa. Ndiona amene akhale nane pa benchi.

Posachedwapa ndinali pa mpando ndikuyang'ana kapu ya sikima. Lindiwe anabwera n'kuima patali pang'ono, kumene sanaimepo. Wamva kwa ana a panja.

"Ambuya, ni zoona ndimwe munadya adadi?"

Ndinati ayi, mwanawe. Sanakhutire. Anatembenukira kwa amake, anali pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja.

"Ni boza. Bwera upepese ambuya ako."

Doreen sanaike n'komwe mbale pansi kuti aganize. Ine kunena zomwezo za iye kunanditengera masiku khumi.